Lonjezo ndi Mzikiti wa ku Kibera

Nairobi, Kenya
20 Januwale 2002

Kwa Mayi Getrude Chimpeni,
Kudzera kwa a Ambrose Kadzakumanja, Mkulu wa Mpingo ndi Mwini Mbumba,
Mudzi wa Mkomeko, Linthipe, Dedza.

MUTU: KUFIKA KWA MWANA NDI ZINA ZA PAKHOMO

Choyamba ndipereke ulemu kwa inu alamu anga a Ambrose, amene mumalandira makalatawa ndi kuwawerengera mlongo wanu. Chachiwiri, moni kwa inu amake Lonjezo. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene umandivuta ndikakhalitsa pa chiwongolero. Kaya inu kumeneko.

Ndalemba pofuna kukudziwitsani kuti mwana wathu Lonjezo anafika bwino ndipo wayamba Fomu 3 pa sukulu yoyendera. Abwana anga a Nicholas ndiwo anamupezera malo. Akugona ndi ine m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yawo. Chingerezi akuchitha, Chiswahili ndicho chikumuzunguza. Dzana anakwera matatu, ndiwo maminibasi a kuno, yopita kwina, ndipo anabwerako wapansi mapazi atatupa. Mwayi wake ndi woti mwana wa abwana, dzina lake Kevin, wamukonda. Akuyenda limodzi ngati mapasa, mpaka wamupatsa nsapato ndi jekete. Ine mtima wakhala pansi, pakuti mwana woyenda ndi ana a anthu ophunzira amatengerako zabwino.

Tsopano za pakhomo. Ndinalemba momveka bwino kuti feteleza wachiwiri athiridwe chimanga chisanafike m'chiuno. Lero ndikumva kuti thumba lina munabwereketsa. Kodi mawu anga akafika kumeneko amathera kuti? Mbuzi yaikazi ija isagulitsidwe, ngakhale wina abwere akulira.

Ndine wanu wokhulupirika,
B. D. Chimpeni


9 Juni 2002

MUTU: KUSINTHA KWA KEYALA

Moni alamu, moni amake Lonjezo. Ndikhulupirira kuti mwakolola bwino. Ine thupi lili bwino, mutu ndiwo sukupuma.

Ndikudziwitsani kuti sindikugonanso kwa abwana. Ntchito ilipobe, koma adona alamula kuti Lonjezo asapondenso pakhomo pawo. Akuti ndiye waononga Kevin. Ine ndinangoti zikomo adona. Mwana wobwera ndi kathumba ka pulasitiki kuchokera ku Linthipe, wosadziwa ngakhale pokwerera matatu, angadziwe bwanji kogula zinthu zotere mu Nairobi muno? Koma amene anaphunzitsa mnzake sindimutchula, chifukwa galimoto imene ndimayendetsa ndi yawo.

Zinthu ndikunenazo anazipeza m'thumba la jekete. Alamu, inu mwamva kale, ndi fodya wamkulu uja. Ndime ino muwerenge mwanzeru.

Motero tapeza chipinda ku Kibera. Mwini nyumba ndi Mzee Sebit, Msilamu wa mtundu wa Anubi, mkulu wa ndevu zoyera amene amawotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo. Salankhulalankhula. Malowa ndi amatope, madzi ndi ogula, ngakhale chimbudzi ndi cholipira. Mzikiti uli kuseri kwenikweni kwa khoma lathu, ndipo kusanache chimkuzamawu chimayamba kuitana ngati kuti tonsefe ndife ogontha. Ndinadandaula kwa Mzee, iwo anangondiyankha kuti, "Mudzazolowera, Baba Lonjezo." Sindinazolowere.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, musafunse chifukwa. Wailesi yanga ija yasowa. Sindikunena kuti ndi ndani.

B. D. Chimpeni


15 Sepitembala 2002

MUTU: KUYANKHA KALATA YANU

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo malangizo anu alamu ndawawerenga. Mwati ndimukwapule ndiponso ndimupempherere. Ndikufuna zilembedwe kuti zonse ziwirizi ndachita, osati kamodzi.

Lamba anangomuyang'ana, osalira n'komwe. Za pemphero, ndinapita naye kumene Amalawi akuno timasonkhana Lamulungu. Anamuzungulira, anamusanjika manja, ena mpaka misozi. Koma titakhala pansi kumwa tiyi ndinaona amayi akusunthira zikwama zawo pamiyendo. Lonjezo anaonanso. Sanabwererekonso, ndipo ine sindinamukakamize.

Kusukulu amuimitsa. Pamwamba pa fodya uja waonjeza timitengo tobiriwira totchedwa miraa. Amatafuna tsiku lonse ngati mbuzi, tsaya lili tutumu, maso ali tong'o, chakudya osafuna. Mwafunsa chifukwa chimene sindikumutumiza kumudzi. Ndingamukweze bwanji basi yodutsa maiko atatu munthu amene anagulitsa nsapato zake zomwe? Akatsikira panjira, tidzakamufuna kuti?

Lachiwiri Mzee Sebit anamupeza atagona m'mphepete mwa njanji ndipo anabwera naye pa ngolo yokankha, ngati thumba la makala. Nditaweruka anandiuza kuti, "Masana inu muli ku ntchito. Ndisiyireni ine, azindigwirira zitsulo." Ndavomera, osati chifukwa ndakondwa, koma chifukwa palibe wina amene wapempha.

Amake Lonjezo, chithunzi mwapemphacho sinditumiza panopa.

B. D. Chimpeni


24 Novembala 2002

MUTU: LIPOTI LA ZIMENE ZINACHITIKA LAMULUNGU LAPITALO

Moni alamu, moni mayi. Mvula yayamba kumeneko? Ine ndili bwino, ngakhale ndikuyenda chozyolika m'Kibera muno pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu.

Mwezi watha mwana anayamba kuoneka ngati munthu. Ankapita ku zitsulo, ankabwera atatopa, ankadya. Koma kuyambira kumayambiriro kwa mwezi uno zinthu zinasinthanso. Chakudya chimene ndamusiyira masana ndinkachipeza chili chomwecho. Milomo inauma, kulankhula kunachepa, ndipo dzuwa likamapendeka ankasowa mtendere, kuyang'ana panja, kenako n'kuthamanga osatsanzika. Ine ndinati basi, apeza mankhwala ena atsopano oposa oyamba aja.

Lamulungu, pokhala sindinali pa ntchito, ndinamutsatira chapatali. Anakalowa pakhonde la mzikiti. Pamenepo panali anyamata ambiri, ena ndimawadziwa kuti ndi a ku njanji komwe kuja, atakhala pamphasa chete. Onse maso anali pa kathumba ka pepala kamene kanali m'manja mwa Mzee Sebit. Chimkuzamawu chitangolira, Mzee anayamba kugawa tinthu takuda, tonyezimira, tomata, ndipo anyamatawo ankatiponya m'kamwa manja akunjenjemera. Alamu, inu mukanaganiza chiyani?

Ndinalumpha ngalande, ndinaponda pamphasa ndi nsapato zamatope, ndinatsomphola kathumbako.

"Ndakugwirani!" ndinakuwa m'Chiswahili changa chothyokathyoka. "Ndevu zonsezi, kugulitsa zoledzeretsa kwa ana m'nyumba ya Mulungu! Tiyeni ku polisi!"

Lonjezo anadzigwira kumaso. "Ababa, chonde, mwandivula. Ndi zipatso izo!"

"Khala chete iwe, zipatso ndikuzidziwa ine!"

Mzee sanadzuke n'komwe. Anamwa madzi kaye, kenako anati, "Baba Lonjezo, ku polisi tipita. Koma yambani mwavula nsapato, ndipo mulawe umboni wanuwo, kuti mukafotokoze bwino."

Anthu anali atadzaza, ndinalibe pothawira. Ndinalawa. Amake Lonjezo, ndi chipatso cha kanjedza, amachitcha tende, chotsekemera kuposa nthochi yakupsa, m'kati muli njere. Mnyamata wina anafuula kuti, "Mzee, apatseni china, mankhwala ayamba kuwagwira!" Khonde lonse linagwa ndi phwete.

Nkhani yake ndi yoti uno ndi mwezi wa Ramazani. Anyamatawo akusala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo tende ndicho amamasulira. Ramazani ndimaidziwa, anzathu Achiyao a pa Dedza boma amasala. Koma ndani akanaganiza kuti mwana wobatizidwa, mphwake wa mkulu wa mpingo, ali m'gulu limenelo?

Anandikhazika pamphasa wopanda nsapato, sokosi yanga yobooka ili poyera. Ndinafunsa Mzee kuti njala ndi fodya zikugwirizana pati. Anati, "Mnyamata amene waona madzi masana onse ali ndi ludzu, n'kuwakana, wadziwa kuti dzanja lake limamumvera. Kwa ife chilichonse chophimba nzeru n'choletsedwa, koma kuletsa kokha sikuchiza. Pano timapemphera kasanu pa tsiku, ndiye kasanu pa tsiku ndimamuona m'maso. Akasowa, anzakewa amakamutenga. Inu kwanu mumamuona Lamulungu. Masiku enawo amamuona ndani?"

Ndinafuna kuyankha mwamphamvu poteteza mpingo wathu, koma m'kamwa munali tende.

Chomwe ndingachitire umboni ndi ichi: kuyambira Okotobala sindinamve fungo lija pa malaya ake. Zina zonse sindikuzimvetsa, ndipo zikundinyansa kuti sindikuzimvetsa.

B. D. Chimpeni


10 Ogasiti 2003

MUTU: ZA MAWU AKUTI NDAGULITSA MWANA

Moni amake Lonjezo. Pepani ndi chifuwa chimene mwadwala, mupite kuchipatala, musadalire mandimu okha. Moni alamu.

Makalata anu atatu onse ndalandira. Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinkadikira kuti mtima uzizire, koma sukuzizira, ndiye ndangolemba.

Mwalemba kuti ndagulitsa mwana wa mbumba yanu kwa Asilamu. Ndikupempha mundiuze mtengo umene ndinalandira. Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, kuti ana ndi a kwa mayi awo, ndi kuti mawu otsiriza pa Lonjezo ndi anu atsibweni ake. Sindinatsutsepo zimenezo. Koma pamene ankagona ku njanji, mbumba inali kuti?

Zoona zake ndi izi. Inde, walowa Chisilamu. Sanandipemphe, anangondiuza, ndipo ndinakhala sabata osamulankhula. Kumzikiti amamutcha Yunusu. Ine ndimamuitana Lonjezo ndipo amavomera. Panalinso nkhani ina ya kuchipatala imene amuna a chipembedzo chimenechi amachita. Sindingailembe m'kalata yowerengedwa mokweza. Anachira.

Musaganize kuti kuno ndikusangalala. Pa Khirisimasi ndinagula nkhuku, ndinaipha ndekha monga ndachitira moyo wanga wonse. Mwana anakana kudya, akuti sinachinjidwe, kutanthauza kuti sinaphedwe mwa Chisilamu. Nkhuku yanga, mpeni wanga, m'nyumba yanga! Ndinadya ndekha masiku awiri mpaka inandikola. Tsopano ndikagula nkhuku ndimayenda nayo kukapempha mwana wanga yemwe kuti andiphere. Kusanache Mzee amagogoda pachitseko kumudzutsa, ndipo amene amayamba kudzuka ndine.

Koma wabwerera kusukulu, akubwereza Fomu 3, ndipo aphunzitsi andiitana kamodzi kokha, kudzandiuza zabwino. Masaya abwerera. Chithunzi chija ndaika m'kalata muno, muone nokha. Kachipewako musakadandaule, savula.

Kevin amutumiza ku yunivesite yogonera komweko, kutali ndi kuno. Adona akuti tsopano apuma.

Mbewu ya mtedza musadye.

B. D. Chimpeni


13 Malichi 2005

MUTU: ZOTSATIRA ZA MAYESO NDI MKANGANO UMENE WABUKA

Moni nonse. Ndili bwino, msana ndi womwe uja.

Ndine wokondwa kulengeza kuti Lonjezo wakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo wakhoza mokwanira kulowa yunivesite. Abwana a Nicholas anandiitanira pambali n'kunena kuti fizi adzalipira iwo, pa zifukwa zimene akuzidziwa okha. Ndinayembekeza kuti tsopano ndipuma. Ayi ndithu. Aliyense watulukira ndi nzeru zake.

Abwana akuti aphunzire masana, azigonera komweko, chifukwa digiri yeniyeni ndi imeneyo. Adona akuti achite ya pa positi, mapepala azichokera ku Joni, iye azilemba ali kunyumba. Inu alamu mwalemba kuti mwamupezera malo ku koleji ya mpingo yogonera konko ku Malawi, kuti akabwerere m'khola. Mwini wake wakana zonsezi. Akufuna maphunziro a zamalonda a madzulo, amene mayunivesite akuno anayambitsa, kuti masana azikhala ku zitsulo, madzulo m'kalasi, kugona konkuno ku Kibera.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe, anzako akulirira bedi la ku yunivesite, iwe ukufuna kuphunzira nthawi ya alonda?"

Anati, "Ababa, ku hositelo chitseko chimatsekedwa m'kati. Ukhoza kugona mpaka masana, palibe wofunsa. Chipinda choyandikana nacho akusuta, ndipo palibe amene akukudziwa."

"Nanga ya pa positiyo?"

"Imeneyo ndiye ayi. Ndizikhala ndekha ndi mapepala tsiku lonse, inu muli ku ntchito? Mutu wangawu ndimaudziwa."

"Koma papita zaka usanakhudze zinthu zimenezo!"

"Sizinafe, ababa, zimangogona. Ndikadutsa pa njanji paja n'kumva fungo, malovu amadzaza m'kamwa. Ya madzuloyi tikupita atatu a kumzikiti, kupita limodzi, kubwera limodzi."

Ine ndinangomukalipira za sopo amene amatha msanga chifukwa cha kusambasamba kwakeko.

Mwina ndionjeze kuti Kevin anabwerako ku hositelo kuja chaka chisanathe. Adona akuti ndi malungo. Ine ndi amene ndimayendetsa galimoto yopita kumene akumusunga, ndipo zipatala za malungo sizikhala ndi maloko otere. Ndasiyira pomwepa.

Alamu, ndikupempha modzichepetsa kuti muganizirenso.

B. D. Chimpeni


Kibera, Nairobi
8 Meyi 2005

Kwa a Ambrose Kadzakumanja, Mwini Mbumba,
Ndi kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri,
Kope: Mayi Getrude Chimpeni.

MUTU: CHIFUKWA CHIMENE LONJEZO SANAFIKE

Olemekezeka akuluakulu, ndakupatsani moni mwaulemu. Amake Lonjezo, moni. Ndamva kuti munakadikira pa siteji ya Linthipe masiku awiri. Pepani, mlandu umenewo ndi wanga.

Kalata yanu yomaliza inanena mosabisa kuti mwana akapanda kufika mwezi wa Epulo usanathe, ankhoswe akhala pansi, ndipo ine ndisadzapondenso pakhomo pa mlongo wanu. Ndinaimva bwino. Ndikufuna mudziwe kuti sindinainyoze.

Ndinauza Lonjezo kuti alongedze. Ndinkayembekeza mkangano, mwinanso kuthawa, koma sanatero. Anapita kwa Mzee Sebit, ndipo ine mumtima ndinati mkuluyu amubisa, mlandu uchoke pa ine. Mzee anabwera naye yekha pakhomo panga n'kunena kuti, "Chipembedzo chathu chimati amvere bambo ake. Mukati apite, apita. Mwana ndi wanu, Baba Lonjezo, ine ndimangogogoda." Anthu awa! Pamene ndikufuna kuti andikanize, ndi pamene akundimvera.

Tikiti ndinagula. Lachisanu m'mawa tinapita kokwerera mabasi a ku Tanzania, chikwama chinakwezedwa pamwamba n'kumangidwa. Mwana anakhala pawindo, ine ndili pansi. Anatulutsa mutu n'kunena kuti, "Ababa, muwalembere atsibweni apeze munthu mmodzi yekha woti azindiyang'ana m'maso tsiku lililonse. Ngakhale wa mpingo, palibe kanthu."

Ndinayamba kuganiza kuti munthuyo ndi ndani. Inu alamu muli ndi mpingo ndi munda. Mayi ake ali kumudzi, koleji ili kutali. Ndili m'kati moganiza, panafika mnyamata wogulitsa miraa, atakulunga m'masamba a nthochi, akuikweza m'mawindo kwa apaulendo. Inafika pamphuno penipeni pa Lonjezo. Sanagule. Anatembenuzira nkhope kumbali. Koma ndinaona pakhosi pake pakumeza, chibwano chikuyenda chokha m'kamwa mulibe kanthu, thukuta lili pamphumi m'mawa wozizira, manja atagwira mpando wakutsogolo ngati basi ikugwa. Basi inali isananyamuke n'komwe. Ulendowo ndi wa masiku atatu, ndipo ali yekha.

Ndinauza kondakitala kuti atsitse chikwama. Anandinyoza pamaso pa anthu, akuti madala osadziwa chimene akufuna, ndipo tikiti sabweza. Ndinakwera ndekha pamwamba ndi msana wangawu n'kumasula chingwe. Lonjezo anati, "Ababa, nanga amayi? Nanga kwanu?" Ndinamuuza kuti atseke pakamwa anyamule chikwama.

Choncho ndikudziwitsani mwalamulo kuti Lonjezo sabwera chaka chino. Walembetsa maphunziro a madzulo ndipo ayamba mawa. Patchuthi adzabwera kudzaona mayi ake, ine nditamuperekeza, ngati mudzatilola kulowa m'mudzi. Ngati simudzatilola, tidzaima pa siteji, mayi ake adzamuonere pomwepo.

Ndikudziwa kuti mkamwini sachita zimene ndachitazi. Sindikunena kuti mwambo ndi woipa, ndiponso sindinasiye mpingo wanga, lero lomwe ndinali kutchalitchi. Zoti mwana wanga amagwada moyang'ana kwina zimandiwawa tsiku lililonse, ndipo chimkuzamawu chija ndikudana nachobe. Koma ine ndinamuona pa ngolo ya makala, inu simunamuone. Ankhoswe akhale pansi monga mwanenera. Nyumba ndinamangayo ndi ya mlongo wanu, sindidzachotsapo ngakhale msomali, ndipo thandizo la mwezi ndi mwezi silidzaima. Mlongo wanuyo musamuzunze ndi mafunso, sanadziwe kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Kalata ino muwawerengere amake Lonjezo yonse, osadumpha ndime.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, amene ine ndi mwana wanga tikumupembedza m'nyumba zosiyana, kuti zonse ndalemba pamwambapa ndinaziona ndi maso anga ndipo ndi zoona.

Ine,
Blackson Davide Chimpeni
Dalaivala, bambo ake a Lonjezo